Mbiri ya Manambala Achiroma ndi Luso la Kugawa

Pali zilembo zisanu ndi ziwiri zimene ana ambiri amaziona tsiku ndi tsiku koma osafunsa tanthauzo lake. Zimapezeka pa wotchi ya pakhoma, pa miyala ya maziko a matchalitchi akale, pa masamba oyambirira a mabuku, ndiponso kumapeto kwa mayina a mafumu. Pamene palembedwa kuti Inkosi ya Makosi Gomani V kapena M'mbelwa V, chilembo chomalizacho ndi nambala, ndipo chimanena kuti mwini dzinayo ndi wachisanu pa mndandanda wa odziwika ndi dzinalo. Papa John Paul II, amene adayendera dziko la Malawi m'chaka cha 1989, adali wachiwiri pa dzina lake, ndipo Papa Leo XIV, amene adasankhidwa mu 2025, ndi wa khumi ndi chinayi. Agogo amene adaphunzira kale amakumbukanso za Standard VI ndi Form IV. Akulu adati safunsa adadya phula, choncho nkoyenera kuti mdzukulu aliyense adziwe kumene zilembo zimenezi zidachokera, ntchito imene zidagwira, ndi chifukwa chimene zidasiyira malo manambala amene akugwiritsidwa ntchito masiku ano.

Kuwerenga kudayamba kulemba kusanabwere

Munthu adayamba kuwerenga zinthu kalekale, asanadziwe kulemba. Chida chake choyamba chidali zala, ndipo chachiwiri chidali timizere tochekedwa pa ndodo kapena pa fupa. Umboni wina wakale kwambiri wa mchitidwe umenewu udapezeka mu Africa. M'chaka cha 1950 katswiri wa miyala wa ku Belgium, Jean de Heinzelin, adafukula kafupa pa malo otchedwa Ishango, pafupi ndi nyanja ya Edward m'dziko la Congo. Kafupako kali ndi zaka pafupifupi 20,000, ndipo timizere take tidachekedwa m'magulumagulu. Mbali imodzi ili ndi magulu a timizere 11, 13, 17 ndi 19, amene akawonkhetsedwa amakwana 60. Akatswiri sagwirizana pa cholinga cha wochekayo. Ena amati ankawerenga masiku a mwezi, ena amati ankachita masamu, koma ambiri amavomereza kuti timizereto tidachekedwa mwadala ndiponso mwadongosolo. Kafupako kamasungidwa mumzinda wa Brussels.

Manambala achiroma ndi mbadwa ya mchitidwe womwewu. Aroma adatengera zizindikiro zawo kwa anthu otchedwa Etruscan, amene adali amphamvu m'chigawo chapakati cha Italy mzinda wa Roma usanakule. Kamzere kamodzi kankaimira chinthu chimodzi. Popeza diso limasokonezeka timizere tikachuluka, pa kamzere kachisanu ndi kakhumi pankaikidwa chizindikiro chosiyana. Akatswiri ena amaona V ngati dzanja lotambasula, ndi X ngati manja awiri ophatikizana. Ena amati zonsezi ndi macheka a mpeni a abusa owerenga ziweto. Poyamba zizindikirozi sizidali zilembo konse. Zidasintha maonekedwe pang'onopang'ono kufikira zidafanana ndi zilembo za Chilatini, ndipo C ndi M zidakhazikika mosavuta chifukwa mau a Chilatini otanthauza zana ndi chikwi, centum ndi mille, amayamba ndi zilembo zomwezo.

Mmene manambalawa amalembedwera

Zilembozo ndi izi: I ndi 1, V ndi 5, X ndi 10, L ndi 50, C ndi 100, D ndi 500, ndipo M ndi 1,000. Lamulo loyamba ndi lowonkhetsa. Chilembo chachikulu chikatsogola, chaching'ono n'kutsatira, ziwirizo zimaphatikizidwa, motero VII ndi 7, XXIII ndi 23, ndipo LX ndi 60. Lamulo lachiwiri ndi lochotsera. Chilembo chaching'ono chikaima patsogolo pa chachikulu, chimachotsedwa, motero IV ndi 4, IX ndi 9, XL ndi 40, XC ndi 90, CD ndi 400, ndipo CM ndi 900. Pa kalembedwe kamene kamaphunzitsidwa m'sukulu, I amachotsedwa pa V ndi X pokha, X pa L ndi C pokha, C pa D ndi M pokha. Nchifukwa chake 99 amalembedwa XCIX, kutanthauza 90 ndi 9, osati IC.

Wofuna kusandutsa nambala kukhala yachiroma amayamba waiphwanya m'zigawo zake. Chaka cha 1964, chimene Malawi adalandira ufulu wodzilamulira, chili ndi 1,000, 900, 60 ndi 4. Chigawo chilichonse chikalembedwa pachokha pamatuluka M, CM, LX ndi IV, ndipo zikalumikizidwa zimakhala MCMLXIV. Chaka cha 1915, cha kuukira kwa John Chilembwe, ndi MCMXV. Nambala zina zimatalika kodabwitsa: 1888 imafuna zilembo 13, MDCCCLXXXVIII. Nambala yaikulu imene ingalembedwe potsata malamulowa ndi 3,999, MMMCMXCIX. Kupitirira apo alembi ankajambula mzere pamwamba pa chilembo, kusonyeza kuti chachulukitsidwa ka 1,000.

Aroma eniakewo sankatsata malamulowa mokhwima chotero. Bwalo lawo lalikulu la masewero, Colosseum, lidatsegulidwa m'chaka cha 80 Khristu atabadwa, ndipo nambala za pa zipata zake zikuonekabe. Chipata cha 54 chidalembedwa LIIII, ndi timizere tinayi. Pa miyala ina 18 adalembedwa XIIX. Mpaka lero mawotchi ambiri ali ndi IIII pa ola lachinayi, ngakhale wotchi yotchuka ya Big Ben ku London ili ndi IV.

Ubale wa VII ndi zisanu ndi ziwiri

Kalembedwe kakale kameneka, kowonkhetsa kokhakokha, kamafanana kwambiri ndi mawerengedwe a Chichewa. Mchewa amawerenga chimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi, zisanu, ndipo dzanja likatha amayambiranso pa linzake: zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, zisanu ndi zitatu, zisanu ndi zinayi, khumi. Mroma ankalemba VI, VII, VIII, VIIII, X. Mau akuti makumi asanu ndi limodzi akufanana ndendende ndi LX, pakuti L ndi makumi asanu ndipo X ndi khumi limodzi lowonjezera.

Chaka cha 1964 chikanenedwa m'mau chimamveka motere: chikwi chimodzi, mazana asanu ndi anayi, makumi asanu ndi limodzi, kudza mphambu zinayi. Chikalembedwa m'kalembedwe kowonkhetsa ka Aroma chimakhala MDCCCCLXIIII. M ndi chikwi, D ndi mazana asanu, CCCC ndi mazana anayi aja, L ndi X ndi makumi asanu ndi limodzi, ndipo IIII ndi mphambu zinayi. Palibe chotsala mbali iliyonse. Izi sizitanthauza kuti mtundu wina udaphunzira kwa unzake. Mphunzitsi wa onse awiri adali mmodzi, ndiye dzanja la zala zisanu, ndipo mitundu yambiri ya pa dziko lapansi idaphunzira kwa iye.

Timiyala ta pa bolodi

Manambala achiroma adali abwino posunga chiwerengero, koma adali olemetsa pochita masamu. Kuwonkhetsa kunkatheka, pakuti munthu ankangosonkhanitsa zilembo zofanana. Kuchulukitsa ndi kugawa kudali nkhani ina. Mwana wa masiku ano amachulukitsa 27 ndi 43 pa pepala n'kupeza 1,161 m'kanthawi kochepa, koma XXVII ndi XLIII sizingandandalikidwe m'mizere kuti zipereke MCLXI. Chifukwa chake nchakuti m'manambala a lero mtengo wa chizindikiro umadalira malo amene chaima, kotero kuti 2 wa mu 27 ndi makumi awiri, pamene X amakhala khumi kulikonse kumene ali. Ndiponso Aroma adalibe chizindikiro cha ziro.

Komabe anthu amenewa adamanga misewu, milatho ndi ngalande za madzi, adakhometsa msonkho kuyambira ku Britain mpaka ku Egypt, ndipo ankalipira asilikali zikwi mazanamazana. Masamu awo ankachitikira pa bolodi lokhala ndi mizere, mzere wa mphambu, wa makumi, wa mazana ndi wa zikwi, ndipo pa mizereyo ankasuntha timiyala. Amene adaonapo akatswiri a bawo akuseweretsa nkhomo angamvetse liwiro limene manja ozolowera amafika nalo. Yankho likapezeka, ndi pamene linkalembedwa m'zilembo. Timiyalato m'Chilatini tinkatchedwa calculi, ndipo dzina la makina owerengetsera amene ana amanyamula kusukulu lidachokera pa mau amenewa. Mzere wopanda mwala unkagwira ntchito ya ziro, motero panalibe wosowa chizindikiro chake.

Chifukwa chake khumi ndi ziwiri

Ngakhale Aroma ankawerenga m'makumi, pogawa chinthu ankachidula m'zigawo 12. Ndalama yawo ya mkuwa yotchedwa as inkagawidwa m'zigawo 12 zotchedwa uncia, ndipo muyeso wa phazi ndi wa kulemera unkagawidwanso chimodzimodzi. Mau akuti inchi ndi aunsi adachokera pa uncia yemweyo. Chinsinsi chake chili pa nambala zogawira, ndiye kuti nambala zimene zimagawa inzake popanda chotsala. Khumi lili ndi zogawira zinayi zokha: 1, 2, 5 ndi 10. Khumi ndi ziwiri lili nazo zisanu ndi imodzi: 1, 2, 3, 4, 6 ndi 12. Mazira 12 angagawidwe mofanana kwa anthu awiri, atatu, anayi kapena asanu ndi mmodzi, pamene mazira khumi akagawidwa kwa atatu limodzi limatsala, ndipo chotsala ndicho chimayambitsa mikangano. Anthu a ku Babylon adapita patsogolo posankha 60, imene ili ndi zogawira 12, ndipo ndi cholowa chawo kuti ola lili ndi mphindi 60.

Nzeru imeneyi idafika m'dziko la Nyasaland kudzera m'ndalama za atsamunda. Makhobidi 12 ankapanga sheleni imodzi, masheleni 20 ankapanga paundi, motero paundi idali ndi makhobidi 240, nambala imene ili ndi zogawira 20. Anthu atatu akagwira ganyu ya paundi imodzi, aliyense ankalandira makhobidi 80, ndiwo masheleni 6 ndi makhobidi 8, popanda wodandaula. M'chaka cha 1971 Malawi adayamba kugwiritsa ntchito kwacha ndi tambala, makwacha awiri kulowa m'malo mwa paundi imodzi. Kuwerengetsa kudaphweka kwambiri, pakuti matambala 100 amagwirizana ndi makumi a pa pepala. Koma 100 ali ndi zogawira 9 zokha, ndipo kwacha imodzi ikagawidwa kwa atatu tambala imodzi inkasowa mwini.

Amene adafufuza mozama za nambala zogawira adali Agiriki. Euclid, amene ankaphunzitsa mumzinda wa Alexandria ku Egypt cha m'ma 300 Khristu asanabadwe, adafotokoza m'buku lake lotchedwa Elements njira yopezera nambala yaikulu kwambiri imene ingagawe nambala ziwiri. Adatsimikiziranso kuti nambala zosagawika, zimene zimagawidwa ndi 1 ndi izo zokha basi, zilibe mapeto. Pambuyo pake padadza Eratosthenes, mbadwa ya ku Cyrene m'dziko limene lero ndi Libya, amene ankayang'anira nyumba ya mabuku ya ku Alexandria. Njira yake imatchedwa sefa, ndipo amayi onse osefa ufa angaimvetse. Munthu amalemba nambala kuyambira 2, n'kufafaniza zonse zogawika ndi 2 kupatula 2 yemweyo, kenaka zogawika ndi 3, kenaka ndi 5, ndi 7, kumangopitirira. Zotsala pa sefa ndizo zosagawika: 2, 3, 5, 7, 11, 13, 17, 19, 23, 29, ndipo pansi pa 100 zilipo 25. Nchochititsa chidwi kuti 11, 13, 17 ndi 19 za pa kafupa ka ku Ishango zonse zili m'gulu limeneli, ngakhale akatswiri ambiri amati mwina zidangochitika.

Wofuna kupeza zogawira za nambala amayesa zosagawika motsatana. Nambala 1964 ikagawidwa ndi 2 imapereka 982, ndipo 982 ikagawidwanso ndi 2 imapereka 491. Nambala 491 imakana 3, 5, 7, 11, 13, 17 ndi 19, ndipo palibe chifukwa choyesera 23, pakuti 23 kuchulukitsa ndi 23 ndi 529, amene wapitirira kale. Choncho 491 ndi yosagawika, ndipo zogawira za 1964 ndi 1, 2, 4, 491, 982 ndi 1964.

Mlendo amene adadza ndi kalumo kakuthwa

Ufumu wa Roma wa kumadzulo udagwa m'chaka cha 476, koma manambala ake adalamulirabe Ulaya kwa zaka zina pafupifupi chikwi. Mmonke wina, Dionysius Exiguus, amene mu 525 adayambitsa kuwerenga zaka kuchokera pa kubadwa kwa Khristu, ankalemba mau akuti nulla, kutanthauza palibe, pamene masamu ake a tsiku la Pasaka afika pa ziro.

Nthawi yomweyo ku India kunkakula njira ina, ya zizindikiro zisanu ndi zinayi kudza ziro, imene mtengo wa chizindikiro umadalira malo ake. Mu 628 katswiri Brahmagupta adalemba malamulo owonkhetsera, ochotsera ndi ochulukitsira ndi ziro, ndipo pa khoma la kachisi wina ku Gwalior pali ziro wozokotedwa mu 876. Aluya adailandira njirayi, ndipo cha m'ma 825 al-Khwarizmi adalemba buku lofotokoza mawerengedwe a Amwenye ali ku Baghdad. Mau a Chiluya akuti sifr, kutanthauza chopanda kanthu, ndiwo adabala mau akuti ziro. Ku Ulaya zizindikirozi zidaoneka m'buku lolembedwa pamanja ku Spain mu 976, koma zidakhala zaka zambiri zikudziwika ndi ophunzira ochepa okha.

Akulu adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Mnyamata wina wa ku Pisa, Leonardo, amene adadzatchuka ndi dzina lakuti Fibonacci, adatsatira bambo wake ku doko la Bugia, limene lero ndi Béjaïa ku Algeria, kumene bamboyo ankatumikira amalonda a kwawo. Kumeneko adaphunzira manambala a Amwenye kwa aphunzitsi a kumpoto kwa Africa. Mu 1202 adatulutsa buku lotchedwa Liber Abaci, limene lidasonyeza amalonda mmene angawerengetsere phindu, chiwongola dzanja ndi kusintha ndalama pa pepala, popanda bolodi.

Chida chatsopanocho sichidalandiridwe ndi onse. Mu 1299 bungwe la osintha ndalama la mumzinda wa Florence lidaletsa mamembala ake kulemba manambala atsopanowa m'mabuku a ndalama. Chifukwa chimene chimaperekedwa kawirikawiri ndi kuopa chinyengo. Ziro amasanduka 6 kapena 9 ndi kamchira kamodzi ka inki, ndipo ziro wowonjezera kumapeto amasandutsa ngongole ya 10 kukhala ya 100. Alembi a manambala achiroma nawonso adali ndi chitetezo chawo: kamzere komaliza ankakalemba ngati j, motero 8 ankakhala viij, kuti wina asawonjezerepo. Ku England boma linkasunga ngongole pa ndodo zochekedwa, zimene zinkang'ambidwa pakati kuti wokongoza ndi wokongola aliyense asunge mbali yake. Mchitidwewu udatha mu 1826, ndipo mu 1834 moto wotenthera milu ya ndodozo udapulumuka n'kupsereza nyumba ya malamulo ku London.

Makina osindikizira mabuku atafala kuyambira cha m'ma 1450, maonekedwe a manambala atsopano adakhazikika, ndipo m'zaka za m'ma 1500 amalonda ambiri a ku Ulaya adasiya timiyala. Mantha a chinyengo sadathe, ndipo mankhwala ake adali kulemba ndalama kawiri, m'manambala ndi m'mau. Lamulo la ku Britain la 1882 lidanena kuti ziwirizi zikasiyana pa cheke, mau ndiwo amatsatidwa. Mwambo umenewu ukuonekabe pa macheke, pa malisiti ndi pa makalata ogulitsirana malo. Nalonso luso la Euclid lidapeza ntchito yatsopano. Mu 1977 akatswiri atatu, Ron Rivest, Adi Shamir ndi Leonard Adleman, adakonza njira yobisira uthenga imene mphamvu yake yagona pa mfundo yakuti kuchulukitsa nambala ziwiri zazikulu zosagawika nkosavuta, koma kupeza zogawira za yankholo nkovuta ngakhale kwa kompyuta. Njirayi ndi imodzi mwa zimene zakhala zikutchinjiriza ndalama ndi makalata oyenda pa intaneti.

Chimene mdzukulu angatolepo

Manambala achiroma adagonja pa ntchito ya masamu, koma adasungidwa pa malo aulemu, pa mayina a mafumu, pa mawotchi ndi pa zipilala, chifukwa anthu ena adapitiriza kuwaphunzitsa. Mawerengedwe a Chichewa ali pa mayeso ofanana. M'misika ya ku Lilongwe, Blantyre ndi Chipata mitengo imatchulidwa m'Chingerezi, ndipo ana ambiri amene amalankhula Chichewa bwinobwino amadodoma akamva kuti makumi asanu ndi atatu kudza mphambu zisanu ndi ziwiri. Nzoona kuti 87 ndi yofupika pakamwa ndi pa pepala, monga momwe idaliri yofupika kuposa LXXXVII. Koma mau akuti khumi, zana, chikwi ndi mphambu ali m'Baibulo, m'nyimbo ndi m'nthano, ndipo mwana wosawadziwa amamva theka la zimene agogo ake akunena. Mau a akulu amakoma akagonera, malinga ngati alipo wina amene adawasunga.

Pang'onopang'ono ndi mtolo. Mdzukulu wofuna kudziyesa atenge chaka cha 1859, chimene David Livingstone adafika pa nyanja ya Malawi, achilembe m'njira zitatu. M'zilembo za Aroma ndi MDCCCLIX. M'mau ndi chikwi chimodzi, mazana asanu ndi atatu, makumi asanu, kudza mphambu zisanu ndi zinayi. Zogawira zake zilipo zisanu ndi imodzi, ndipo wozifuna ayambe kuyesa ndi 2, 3, 5 ndi 7 osataya mtima, pakuti khomo limatseguka pa 11. Akatha apo achite chimodzimodzi ndi chaka chimene agogo ake adabadwa, kenaka akawawerengere mokweza m'Chichewa.